Wisiki, ndimu ndi uchi: kakonzedwe ka Gold Rush panyumba

Munthu akamva kuti pali chakumwa cha wisiki, ndimu ndi uchi, amathamangira kutunga supuni ya uchi m'botolo n'kuithira m'tambula momwe muli kale ayisi. Zimene zimachitika pamenepo mwina munaziona. Uchi ukakhudza chinthu chozizira umalimba, umamatirira kusupuni ndi pansi pa tambula ngati ulimbo, ndipo ngakhale mutakase mpaka dzanja litope, susungunuka. Mukamamwa, pamwamba ponse pamawawasa mpaka kukwinya nkhope, kutsekemera konse kwatsalira pansi. Ambiri amalekera pomwepo n'kumati uchi sugwirizana ndi mowa, chonsecho vuto silinali uchi. Anangodumpha ntchito imodzi ya mphindi ziwiri, ndipo malangizo onsewa atsamira pa ntchito imeneyo.

Chakumwachi chili ndi dzina. Chimatchedwa Gold Rush, ndipo kwawo ndi ku New York, pa bala yaing'ono yotchedwa Milk & Honey imene Sasha Petraske anatsegula kumapeto kwa 1999. Amene amatchulidwa kuti anachiyambitsa ndi mnzake wa Petraske, T.J. Siegal, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Sanayambe pa zero ayi. Anatenga whiskey sour, chakumwa chakale cha ku America cha wisiki, ndimu ndi shuga, n'kuchotsamo shuga, kuikamo uchi. Kusintha kwake n'kochepa choncho, koma mkamwa kumamveka kwambiri. Shuga amangotsekemera basi. Uchi umabwera ndi fungo la maluwa ndi mitengo imene njuchi zinayendera, komanso umapatsa chakumwa thupi, kuti chisamamveke ngati madzi palilime.

Zofunika pa tambula imodzi

Wisiki wa mtundu wa bourbon, mamililita 60. Madzi a ndimu ofinya kumene, mamililita 22. Uchi wosungunula, mamililita 22. Ayisi wambiri ndithu, woposa amene mukuganiza. Za zipangizo, pakufunika shaker (chitini chokhutchumulira zakumwa) kapena botolo la galasi la kukamwa kwakukulu lotsekeka bwino, monga la jamu kapena la chiponde, sefa ya tiyi, chopimira, ndi tambula yaifupi yolimba.

Ngati mulibe kachopimira ka ku bala, musadandaule. Supuni yaikulu yopimira imalowa mamililita 15, supuni ya tiyi mamililita 5. Ndiye kuti wisiki ndi masupuni aakulu anayi, ndimu supuni yaikulu imodzi ndi theka, uchi wosungunula chimodzimodzi. Masupuni a m'nyumba zathu amasiyana kukula, choncho sankhani supuni imodzi n'kuigwiritsa ntchito pa zinthu zonse zitatu. Chofunika kwambiri ndi mlingo wa chimodzi poyerekeza ndi chinzake: pa magawo asanu ndi atatu a wisiki, magawo atatu a ndimu ndi magawo atatu a uchi. Chimene ndikukupemphani n'chakuti musamayerekeze ndi maso. Pa chakumwa cha zinthu zitatu zokha, supuni ya tiyi imodzi yopitirira imasintha zonse.

Yambani ndi uchi

Tengani kapu yaing'ono, mupime uchi makapu atatu. Muthiremo kapu imodzi yomweyo ya madzi ofunda. Madziwo akhale otentha ndithu koma osati owira, oti chala chingapirire kwa kanthawi kochepa. Takasani ndi supuni mpaka zonse zikhale chinthu chimodzi, popanda timizere ta uchi wosasungunuka. Sizitenga mphindi ziwiri. Siyani zizizire, kenako muthire m'botolo loyera bwino n'kutseka.

Magawo atatu a uchi pa gawo limodzi la madzi ndi mlingo umene ndimaukonda, ndipo ndi umene unkagwiritsidwa ntchito ku Milk & Honey. Ena amasungunula magawo awiri pa limodzi, ena theka ndi theka. Sizolakwika, koma madzi akachuluka chakumwa chimapyapyala, ndipo muyenera kuthira uchi wosungunulawo wambiri kuti ufanane mphamvu ndi ndimu. Mlingo wa atatu pa mmodzi uli pakati pa uchi wokhawokha ndi uchi wamadzimadzi. Uchi umayenda mosavuta ukamathiridwa, sulimba ukakumana ndi ayisi, koma kulemera kwake kumakhalabe.

Musauwiritse pamoto. Ndikudziwa kuti pamoto zimaoneka zachangu, koma fungo limene mukufuna kuti lifike m'tambula limathawa ndi nthunzi, n'kutsala ndi madzi otsekemera amene simungawasiyanitse ndi a shuga. Ngati uchi wanu unagwirana m'botolo n'kukhala ngati mchenga wonyowa, sikuti wawonongeka, ndipo sikuti anakugulitsani wachinyengo. Uchi weniweni umatero, makamaka m'miyezi yozizira, chifukwa shuga wina wa muuchi amapanga timiyala. Imikani botololo m'mbale ya madzi ofunda kwa mphindi zingapo, ufewa.

Tsopano nkhani ya uchi uti. Apa ndi pamene ife a kuno tili ndi mwayi. Ku America ambiri amagwiritsa ntchito uchi woyererako wa fungo lofatsa, wa maluwa a clover kapena a malalanje. Uchi wa m'nkhalango zathu za miyombo, wonga umene umachokera cha ku Mzimba, m'mphepete mwa Nyika kapena kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, nthawi zambiri umakhala wakuda, wolemera, wa fungo lamphamvu la mitengo. Wina umakhala ndi kafungo ka utsi kochokera kumoto umene wofula anafukizira njuchi mumng'oma. Ndi tiyi, kafungo kameneko ena sakakonda. Ndi wisiki kamagwirizana modabwitsa, chifukwa wisikiyo naye anakhalira m'mgolo wowaula mkati. Koma uchi wakuda umalamulira. Mukathira mamililita 22 onse, wisiki sakhalanso ndi mawu. Ngati uchi wanu ndi wotere, yambani ndi mamililita 18 kapena 20, mulawe, muwonjezere pang'onopang'ono.

Uchi wogula m'mbali mwa msewu muyambe mwaulawa wokha pasupuni. Ukamamveka ngati shuga wopsereza, wopanda fungo lililonse la maluwa, usiyeni, mwina anausakaniza. Ukamachita thovu pamwamba n'kumamveka kusasa, ndiye kuti unafulidwa usanakhwime kapena unalowa madzi, wayamba kuwira. Ngati muli tizidutswa ta phula kapena timapiko ta njuchi, umenewo ndi wabwino, mungousefa mukatha kusungunula.

Uchi wokhawokha umakhala zaka osawonongeka chifukwa madzi ake ndi ochepa kwambiri, sakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu. Mukauthira madzi, chitetezo chimenecho mwachichepetsa. Choncho uchi wosungunula uzikhala mufuriji, ndipo muumalize pasanathe milungu iwiri kapena itatu. Ngati kwanu magetsi amazimazima, sungunulani wongokwanira tsikulo. Masupuni atatu a uchi ndi imodzi ya madzi ndi zokwanira matambula awiri, n'kutsalako pang'ono.

Mandimu

Finyani mandimu pa nthawi yomweyo imene mukukonza chakumwa, kapena maola ochepa m'mbuyo. Madzi a mandimu ogula m'mabotolo a pulasitiki ayi. Ali ndi kukoma kwina kwa mankhwala osungira kumene uchi sungakubise. Madzi ofinya dzulo nawonso amakhala atayamba kuwawa.

Musanadule ndimu, likunkhunizeni pathebulo mukulipanikiza ndi chikhatho kuti lifewe. Dulani pakati, finyani, sefani kuti njere ndi nyama zitsale. Ndimu limodzi labwino limatulutsa madzi okwanira tambula imodzi, mwinanso ziwiri. Mandimu athu a khungu lokhakhala, aja ochuluka pamsika nthawi yozizira, ali ndi njere zambiri ndipo kuwawasa kwake sikukhala kofanana. Ena amaluma kwambiri, ena akapsa n'kuchita chikasu amafatsa. Musawafinye mpaka khungu kuphwanyika, chifukwa choyera cha m'kati mwa khungu chimawawa ndipo kuwawako kumalowa m'madzi.

Popeza ndimu la lero silifanana ndi la mawa, ndipo uchi wa botolo ili sufanana ndi wa botolo lina, manambala ndakupatsani aja ndi poyambira chabe. Lilime lanu ndi limene limamaliza ntchito. Tibwereranso pa mfundoyi.

Wisiki

Gold Rush weniweni amafuna bourbon. Malamulo a ku America amati bourbon apangidwe m'dzikomo, chimanga chikhale magawo 51 pa 100 kapena kuposa pa mbewu zonse zofululira, ndipo akhalire m'migolo yatsopano ya mtengo wa thundu yowaula mkati. Wambiri amachokera m'chigawo cha Kentucky. Chimanga chimamupatsa kutsekemera, mgolo umamupatsa fungo la vanila ndi la shuga wopsa, ndipo zonsezi zimakumana bwino ndi uchi. Jim Beam, Maker's Mark, Buffalo Trace kapena Wild Turkey, aliyense angathe. Ndikakhala ndi mwayi wosankha ndimatenga wokalipirapo, woposa 45 peresenti, monga Wild Turkey 101 amene ali 50.5 peresenti, chifukwa uchi ndi ndimu zimafewetsa mowa kwambiri ndipo wa 40 peresenti nthawi zina amabisala.

Bourbon sapezeka paliponse, ndipo mtengo wake ndi wokwera. Jack Daniel's, yemwe ndi wa m'chigawo cha Tennessee ku America, amayandikira kwambiri ndipo amachita bwino. Wisiki wa ku Ireland monga Jameson ndi wofewa, choncho muchepetseko uchi ndi ndimu kufika pa mamililita 20 kuti amveke. Wisiki wa ku Scotland wosakaniza, amene amapezeka kwambiri m'mashopu athu, amatulutsa chakumwa chouma pang'ono koma chokoma. Botolo lodula kwambiri, lija munthu amasungira tsiku lalikulu, lisiyeni m'kabati, limenelo ndi lomwa lokha. Komanso mowa wosadziwika kumene wachokera, wa chizindikiro chokayikitsa kapena chitsekero chotseguka kale, musaugule ngakhale utsike mtengo bwanji. Umenewo si nkhani ya kukoma yokha, ungakuvulazeni.

Ayisi

Anthu ambiri saganizira za ayisi, chonsecho ndi chinthu chachinayi m'chakumwachi. Pokhutchumula, ayisi amasungunukako n'kuwonjezera madzi, ndipo madzi amenewo amatha kufika gawo limodzi mwa magawo anayi a zimene mumwe. Ndiye akhale madzi abwino, owiritsa kapena osefa. Ayisi amene wagonera mufiriza pamodzi ndi nsomba kapena nyama amatenga fungo, ndipo fungolo mulimva. Vindikirani thireyi yanu kapena muiike m'jumbo yoyera.

Mufunika ayisi wa mitundu iwiri. Wokhutchumulira ndi mibulu wamba ya m'thireyi, yolimba, yongotuluka kumene mufiriza. Ayisi amene wakhala pambale n'kuyamba kunyezimira ndi madzi amasukulutsa chakumwa chisanazizire. Wa m'tambula akhale mbulu umodzi waukulu, chifukwa umasungunuka pang'onopang'ono. Simufunika chikombole chapadera. Thirani madzi m'makapu aang'ono a pulasitiki kapena m'tizitini ta yogati totsuka bwino, muike mufiriza usiku wonse. Mawa lake mudzakhala ndi mibulu yokwana bwino m'tambula.

Kusakaniza

Choyamba ikani tambula mufiriza, kapena muidzaze ndi ayisi ndi madzi kuti izizire pamene mukugwira ntchito zina.

Kenako thirani zinthu mu shaker mulibe ayisi. Yambani ndi ndimu, kenako uchi wosungunula, wisiki pomaliza. Chifukwa chake n'chakuti mukalakwitsa kupima ndimu kapena uchi, mutaya zotsika mtengo, wisiki akadali m'botolo. Uchi umatsalira m'chopimira, choncho mupimire wisiki m'chopimira chomwecho kuti autsuke wonse ulowe.

Musanaike ayisi, takasani pang'ono n'kulawa kadontho pasupuni. Pano ndi pamene chakumwa chimakonzedwa kapena kuwonongeka, ndipo ndi pamene anthu ambiri amafulumira. Pa nthawi imeneyi chizimveka champhamvu ndi chotsekemera kupitirira pang'ono mmene mukufunira, chifukwa kuzizira kumabisa kutsekemera ndipo madzi a ayisi adzachifewetsa. Mukamva kuti ndimu likukoka m'mbali mwa nsagwada ndipo uchi ukumveka patali, wonjezerani theka la supuni ya tiyi ya uchi. Mukamva kuti chikumata mkamwa ngati mankhwala a chifuwa, wonjezerani theka la supuni ya tiyi ya ndimu. Osapitirira theka la supuni pa ulendo umodzi. Chimene mukufuna n'chakuti ndimu liyambe kumveka, uchi ubwere pambuyo pake n'kuliziziritsa, wisiki atsale pakhosi pomaliza. Pasakhale chimodzi chopondereza zinzake.

Mukakhutira, dzazani shaker ndi ayisi kupitirira theka, tsekani mwamphamvu, gwirani ndi manja awiri, dzanja limodzi pachitsekero. Khutchumulani ndi mphamvu kwa masekondi 10 mpaka 12. Osati kugwedeza mwaulemu ngati mukutonthoza mwana ayi, ayisi azimenya uku ndi uku mpaka phokoso limveke chipinda china. Kukhutchumula kumachita zinthu zitatu: kumaziziritsa, kumawonjezera madzi, komanso kumalowetsa timpweya timene timachititsa chakumwa kukhala chopepuka palilime. Shaker yachitsulo ikachita nkhungu kunja n'kuyamba kuluma zala ndi kuzizira, mwafika. Ngati mukugwiritsa ntchito botolo la galasi, likulungeni ndi kansalu, musalidzaze mpaka pakamwa, ndipo muonetsetse kuti lilibe mng'alu.

Tayani madzi aja munaziziritsira tambula, ikanimo mbulu waukulu uja. Sefani chakumwa kudzera musefa ya tiyi kuti tizidutswa ta ayisi tisalowe. Ayisi amene mwakhutchumulira watha ntchito, wasweka ndipo akusungunuka, musamuthire m'tambula.

Pomaliza sendani kachidutswa ka khungu la ndimu, kotalika ngati chala, kopyapyala, kopanda choyera chambiri. Kagwireni pamwamba pa tambula, mbali yakunja itayang'ana pansi, n'kukapinda mwachangu. Muona timadontho ta mafuta tikuwaza pamwamba pa chakumwa. Pakani khungulo m'mphepete mwa tambula n'kuliponyamo. Ku Milk & Honey ankakonda kupereka Gold Rush popanda chokongoletsera, koma ine ndimaona kuti fungo la khungu limathandiza, makamaka uchi ukakhala wakuda. Mphuno imalandira ndimu pakamwa pasanalandire uchi.

Mtundu wake uzikhala wagolide wachimbuuzi, ndi kathovu kochepa pamwamba kamene kamatha pakapita mphindi. Imwani nthawi yomweyo. Chakumwa chokhutchumula sichidikira munthu.

Ngati mukufuna cha thovu

Whiskey sour amene ambiri amamuona pazithunzi amakhala ndi thovu loyera lokhuthala pamwamba. Thovu limenelo limachokera ku choyera cha dzira. Gold Rush woyambirira alibe dzira, koma palibe choletsa kuikamo, ndipo ndi uchi chimatuluka chosalala ngati mkaka.

Tengani dzira latsopano, la chikamba choyera chopanda mng'alu. Ngati mukukayika, liikeni m'kapu ya madzi. Latsopano limamira n'kugona cham'mbali, lakale limaima kapena kuyandama. Liswereni m'kambale kapadera, osati mu shaker, kuti ngati chachikasu chaphulika kapena dzira ndi loipa musataye zonse. Chachikasu chikalowamo ngakhale kadontho, thovu silikwera bwino. Choyera cha dzira limodzi laling'ono ndi chokwanira tambula imodzi, cha dzira lalikulu chingakwanire awiri.

Apa mukhutchumula kawiri. Ulendo woyamba mulibe ayisi, masekondi 15, kuti choyeracho chimenyeke n'kugwira mpweya. Gwirani chitsekero zolimba, chifukwa popanda ayisi mpweya wa m'kati umakankha ndipo shaker imatha kutseguka yokha n'kukuthirani pamalaya. Kenako tsegulani, ikani ayisi, khutchumulaninso masekondi 10 mpaka 12. Sefani m'tambula yozizira, nthawi ino popanda ayisi ngati mukufuna kuti thovu likhale bwino. Dikirani theka la mphindi, muona thovu likudzipatula n'kukwera pamwamba. Dzira limakhala ndi kafungo kake kamene ena amakamva msanga. Timadontho titatu ta Angostura bitters (mowa wowawa wa zonunkhira wothira timadontho chabe) pamwamba pa thovu, kapena mafuta a khungu la ndimu aja, timakaphimba.

Dzira laliwisi lili ndi chiopsezo cha tizilombo totsegula m'mimba, monga salmonella. Mowa ndi ndimu sizipha tizilomboto pa mphindi imodzi imeneyo. Choncho muuzeni mlendo kuti muli dzira musanamupatse, ndipo kwa okalamba kapena amene thupi lawo ndi lofooka ndi matenda, lisiyeni. Pali njira ina. Madzi a m'chitini cha tchana, amene amatchedwa aquafaba, amachita thovu mofanana. Masupuni aakulu awiri osadzaza amalowa m'malo mwa choyera cha dzira limodzi. Musankhe chitini chopanda mchere wambiri.

Zikapanda kuyenda

Chakumwa chikatuluka chamadzimadzi, vuto kawirikawiri ndi ayisi wonyowa kapena wochepa. Zimamveka zosemphana, koma ayisi wochepa amasukulutsa kwambiri kuposa wambiri, chifukwa mibulu iwiri kapena itatu imasungunuka yonse isanathe kuziziritsa. Chikatuluka chowawa kumapeto kwa lilime, ndiye kuti mwafinya khungu kwambiri kapena madzi a ndimu anagonera. Chikamamveka mowa wokhawokha, woluma pakhosi, simunakhutchumule mokwanira. Mukapeza uchi utamatirira pansi pa shaker, unali wokhuthala kwambiri, wonjezerani supuni ya madzi ofunda m'botolo lanu la uchi.

Achibale ake

Mukadziwa Gold Rush mwadziwa banja lonse. Mu 2005, pa bala yomweyo ya Milk & Honey, Sam Ross anakonza chakumwa chotchedwa Penicillin. Anachotsa bourbon n'kuikamo wisiki wosakaniza wa ku Scotland, anawonjezera jinja, ndipo pamwamba anathira pang'ono wisiki wa fungo la utsi wochokera pachilumba cha Islay ku Scotland komweko. Panyumba mungachite motere: dulani jinja wamuwisi tizidutswa titatu kapena tinayi topyapyala, mutinyenye pansi pa shaker ndi chogwirira cha mthiko, kenako mupitirize monga mwa nthawi zonse, n'kusefa bwino. Ngati uchi wanu uli kale ndi kafungo ka utsi, wisiki wa ku Islay uja simumusowa kwenikweni. Mukaika jini m'malo mwa wisiki mwakonza Bee's Knees, chakumwa cha m'zaka za m'ma 1920, ndipo chimenechi chimafuna uchi woyererako, wakuda umaphimba fungo la jini.

Kwa amene samwa mowa, phikani tiyi wakuda wamphamvu, masamba owirikiza kawiri kuposa a tsiku ndi tsiku, muviike mphindi zinayi zokha kuti asawawe, muziziritse. Mamililita 60 a tiyi ameneyo alowe m'malo mwa wisiki, uchi muchepetseko pang'ono. Tiyi wa ku Thyolo kapena ku Mulanje ali ndi mtundu ndi kukhakhala palilime kofanana ndi kumene mgolo umapatsa wisiki. M'tambula ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi, ndipo mlendo wosamwa sakhala ngati waiwalidwa.

Kukabwera alendo

Botolo la wisiki la mamililita 750 limatulutsa matambula 12. Pa anthu asanu ndi atatu, sakanizani mu jagi mamililita 480 a wisiki, 180 a ndimu ndi 180 a uchi wosungunula, mulawe, mukonze, muike mufuriji. Musachite zimenezi m'mawa pokonzekera madzulo, ola limodzi kapena awiri alendo asanafike ndi bwino. Akafika, pimani mamililita 105 pa munthu aliyense ndipo muzikhutchumula matambula awiri pa ulendo umodzi, ndi ayisi watsopano ulendo uliwonse. Ayisi amatha msanga kuposa china chilichonse, choncho yambani kuumitsa masiku awiri m'mbuyo n'kumasunga m'jumbo mufiriza.

Pali chinthu chimene wopereka chakumwachi ayenera kuchidziwa n'kuuzako alendo ake. Uchi ndi ndimu zimabisa ukali wa mowa, ndipo munthu amamwa ngati akumwa sobo. Koma mamililita 60 a wisiki wa 40 peresenti ali ndi mamililita 24 a mowa weniweni, pamene botolo la mamililita 330 la mowa wa 5 peresenti lili ndi 16.5. Tambula imodzi yaing'onoyo ndi pafupifupi botolo limodzi ndi theka, ndipo ndi Wild Turkey 101 imayandikira mabotolo awiri. Ikani jagi ya madzi akumwa pathebulo, pakhalenso chakudya. Mtedza wokazinga wamchere umayenda nacho bwino, nyama yootcha ndiye koposa, chifukwa ndimu limadula mafuta. Amene ayendetse galimoto, amayi oyembekezera ndi aliyense wosakwana zaka 18, muwakonzere cha tiyi chija.

Uchi wosungunula ukatsala m'botolo, lembani tsiku pachitsekero musanaubwezere mufuriji. Tsiku lina usiku wa mu June kukazizira, thirani masupuni awiri m'kapu, finyiranimo theka la ndimu, wisiki pang'ono, n'kudzaza ndi madzi otentha. Pamenepo shaker ndi ayisi sizifunika.